Kope la Malume ndi Masiku 81 a Henry Rono

Uthengawo unandipeza pafoni chakumadzulo, pa 15 February 2024. Henry Rono, katswiri wothamanga wa ku Kenya, wamwalira m'chipatala ku Nairobi, ali ndi zaka 72. Ndinauwerenga kawiri, kenako ndinavala nsapato n'kulunjika kwa malume. Panjira sindinaganize n'komwe zoti ndikanena chiyani. Ndinkangodziwa kuti mwa anthu onse amene ndimawadziwa, iwo okha ndi amene dzinali likanawalasa mumtima, ndipo sindinafune kuti amve nkhaniyi ali okha.

Zimene zinachitika m'chipinda chawo madzulo amenewo sizinandichokebe m'mutu.

Malume amene ndinkawadziwa

Kufikira nthawi imeneyo ine ndinali ndisanawaonepo malume akuthamanga. Pamene ndinkayamba kuzindikira zinthu, liwiro lawo linali litasanduka kale nthano ya pabanja. Ali ku koleji ankathamanga mamita 5,000 ndi 10,000, komanso cross country, uja mpikisano wothamanga m'tchire ndi m'zitunda osati pa bwalo, ndipo akuti kunali zaka ziwiri zimene anzawo ankangolimbirana malo achiwiri. Amayi akamakamba za mchimwene wawoyu ankayamba mwansangala, kenako mawu ankatsika, n'kumaliza ndi chiganizo chimodzimodzi nthawi zonse: "Akanafika patali." Akatero ankausa moyo, nkhani n'kuthera pomwepo.

Malume amene ndinawapeza ine anali ena. Anali a maso ofiira, obwera kwathu usiku akulankhula mokweza, amene ife ana tinkauzidwa kuti tilowe m'nyumba akangotulukira. Mtsempha wa kuseri kwa chidendene unawavuta m'chaka chawo chomaliza cha koleji, ndipo kuthamanga kunathera pamenepo. Ntchito anaipeza, koma sinakhalitse. Akazi awo anapirira zaka zingapo, kenako anatenga ana n'kuchoka. Pambuyo pake malume anasiya mowa, koma pabanja palibe amene anakhulupirira. Tinkangodikira tsiku limene adzabwererenso. Ndikunena zoona, inenso ndinali m'gulu la odikirawo.

Koma panali chinthu chimodzi chimene chinkatilumikiza kuyambira ndili wamng'ono. Akakhala bwinobwino ankandiitana n'kundiuza za Rono. Ana ena amakula ndi nthano za kalulu, ine ndinakula ndi maminitsi ndi masekondi a munthu wa ku Kenya amene sindinamuonepo ngakhale pa chithunzi mpaka nditakula.

"Werenga ndimve"

Ndinawapeza atakhala pa bedi, chitseko chili chotsekula. Ndinawapatsa moni n'kuwapatsira foni.

"Magalasi anga sindikuwaona, mphwanga. Werenga ndimve."

Ndinawerenga. Anangoti zii, maso ali pansi, manja atagwira mawondo. Panapita kanthawi ndithu. Kenako anayamba kulankhula motsitsa mawu, ngati munthu amene akulakatula vesi loloweza ali mwana:

"Berkeley, 8 April. Seattle, 13 May. Vienna, 11 June. Oslo, 27 June."

Sanawonjezere china. Koma ine ndinkadziwa chimene chinali kuseri kwa dzina lililonse, chifukwa anali atandiphunzitsa okha. Chaka chake ndi 1978. Ku Berkeley, pa mpikisano wamba wa makoleji, Rono anathamanga mamita 5,000 mu 13:08.4, n'kuchotsa masekondi oposa anayi pa rekodi ya dziko lonse imene inali m'manja mwa Dick Quax wa ku New Zealand. Ku Seattle, pamaso pa anthu ochepa kwambiri, anathamanga steeplechase ya mamita 3,000, uja mpikisano wodumpha zotchinga ndi dziwe la madzi, mu 8:05.4. Ku Vienna anamaliza mamita 10,000 mu 27:22.5, n'kugwetsa ndi masekondi pafupifupi 8 rekodi ya Samson Kimobwa, mnzake wa ku Kenya komweko amene ankaphunzira naye pa yunivesite imodzi. Ku Oslo anatseka ndi mamita 3,000 mu 7:32.1. Marekodi anayi a dziko lonse, mitunda inayi yosiyana, m'masiku 81. Anali mwana wa sukulu, wa zaka 26.

Kwa amene simunathamangepo pa bwalo, manambalawa angaoneke ouma. Malume ankawamasulira chonchi. Bwalo kulizungulira kamodzi ndi mamita 400. Mamita 5,000 ndi kuzungulira ka 12 ndi theka. Kuti umalize mu 13:08, ndiye kuti kuzungulira kulikonse ukumaliza m'masekondi pafupifupi 63, osapuma, osatsika. Mnyamata wathanzi akhoza kulephera kuzungulira ngakhale kamodzi kokha pa liwiro limenelo. Pa 10,000 ndi ka 25, kulikonse pansi pa masekondi 66. Ankati akafotokoza chonchi, amaimirira n'kumamenya chala pa dzanja ngati pali wotchi.

Munthu amene Olimpiki inamudutsa kawiri

Rono anabadwa pa 12 February 1952 ku Nandi Hills, dera lomwelo la anthu a mtundu wa Nandi kumene kunachokeranso katswiri wina wothamanga, Kipchoge Keino. Ali wamng'ono anavulala mwendo pa ngozi ya njinga, moti anachedwa kuyamba kuyenda. Atakula analowa usilikali, ndipo mu 1976 anasankhidwa kuti akaimire Kenya ku Olimpiki ya ku Montreal. Sanathamange. Mayiko ambiri a mu Africa ananyanyala masewerowo chifukwa New Zealand inaloledwa kutenga nawo mbali ngakhale timu yake ya rugby inali itakasewera ku South Africa pa nthawi ya tsankho la apartheid. Pa Olimpiki imeneyo Anders Gärderud wa ku Sweden anapambana steeplechase n'kuika rekodi ya 8:08.0, yomwe Rono anadzaiphwanya ku Seattle patatha zaka ziwiri.

Chaka chomwecho cha 1976 anapita ku Washington State University, m'katauni ka Pullman, kumene kochi John Chaplin ankasonkhanitsa anyamata a ku Kenya. Kumeneko anapambana mpikisano waukulu wa cross country wa makoleji onse a ku America, wa NCAA, katatu: 1976, 1977 ndi 1979. Iye asanabwere, amene anachitapo zimenezi anali awiri okha, Gerry Lindgren ndi Steve Prefontaine. Mu 1978 momwemo anatenganso mendulo ziwiri za golide pa masewero a mayiko a mu Africa ku Algiers, ndi zina ziwiri pa masewero a Commonwealth ku Edmonton.

Ndiye kunabwera 1980. Olimpiki inali ku Moscow, ndipo Kenya inagwirizana ndi America kunyanyala chifukwa asilikali a Soviet Union anali atalowa mu Afghanistan. Mpikisano wa dziko lonse wa masewero othamanga unali usanayambe, woyamba unadzachitika mu 1983 ku Helsinki. Choncho munthu amene anali wothamanga kuposa wina aliyense padziko sanaimepo pa mzere woyambira wa Olimpiki ngakhale kamodzi. Zifukwa zonyanyalira mu 1976 ndimazimvetsa, ndipo sindinganene kuti Africa inalakwa. Koma zaka za wothamanga n'zochepa, ndipo amene analipira mtengo wa chisankhocho ndi miyendo ya anyamata amene sanafunsidwe maganizo.

Mawu amene ndinalankhula

Titakhala chete kwa nthawi, ndinaona ngati ndiyenera kunena kanthu. Ndinanena zimene ndinali nditawerenga kambirimbiri, zimene aliyense amanena akafika pa gawo lachiwiri la moyo wa Rono.

"Koma malume, munthuyu anawononga mphatso yake. Mowa unamumaliza."

Mawuwo atangotuluka ndinazindikira kuti ndawalankhula m'chipinda cha ndani. Nkhope yanga inatentha. Malume sanakwiye. Anandiyang'ana kwa nthawi yaitali, mwina koyamba madzulo onsewo, kenako anawerama n'kukoka katundu pansi pa bedi. Ndinkaganiza kuti akutulutsa chitini cha mendulo zawo, chimene ndinkachidziwa kuyambira kale. Anatulutsa kope lakale la chikuto cholimba, lomangidwa ndi mphira.

"Tsegula."

Masamba oyamba anali a nthawi ya ku koleji. Wothamanga aliyense wozama amakhala ndi kope lotere. Tsiku, mtunda, nthawi, ndi mawu awiri kapena atatu a mmene thupi lamvera. "400 ka 12, kupuma mphindi imodzi." "Mtunda wautali, miyendo yolemera." "Chitunda ka 10." Zilembo zake zinali zazing'ono, zaukhondo, za mnyamata wodzidalira. Ndinapitiriza kutsegula mpaka ndinafika pa tsamba limene panalembedwa mawu amodzi okha: "Chidendene." Pambuyo pake panali masamba atatu opanda kanthu.

Ndinkafuna kutseka, koma anati, "Pitiriza."

Kuseri kwa masamba opanda kanthuwo kunayambanso madeti. Inki inali ina, dzanja linali lonjenjemera. Panalibe mtunda, panalibe nthawi. Panali deti ndi kachizindikiro kochonga pambali pake. Tsiku lotsatira, kachizindikiro kena. Mizere inkatsika mpaka pansi pa tsamba, n'kuyambanso pamwamba. Penapake ndinaona mpata wa masiku angapo opanda chochonga, ndipo pansi pake panalembedwa 1, kuyambiranso. Mipata yotere ndinaiwerenga inayi. Utatha wachinayiwo panalibenso mpata, tsamba ndi tsamba, mpaka kumapeto kwa kopelo, kumene anamata mapepala ena owonjezera. Chochonga chomaliza chinali cha dzulo lake.

"La lero sindinachonge," anatero. "Ndimachonga ndikamagona. Tsiku silinathe."

Sindinathe kuyankha.

"Iwe ukuwerenga masiku 81," anapitiriza, mawu awo ali ofatsa. "Dziko lonse likuwerenga masiku 81. Amene anawerenga masiku amene munthu uja anadzuka m'mawa n'kukana botolo ndani? Ine ndathamangapo 10,000, mphwanga. Imatha. Ukazungulira ka 24 amakuimbira belu, umadziwa kuti watsala kamodzi. Uwu ulibe belu."

Tsiku limene kochi sakukudzutsanso

Usiku umenewo anandiuza zinthu zimene sindinawafunsepo m'zaka zonse zimene ndinkamvetsera za Rono. Sindinawafunsepo chifukwa ndinkaganiza kuti ndikudziwa kale: anavulala, anagwa mphwayi, anayamba kumwa. Nkhani yachidule, yosavuta kuinyamula.

Iwo anaifotokoza mwina. Anati wothamanga wa ku koleji sakhala ndi tsiku lake. Pali wina amene amakuuza nthawi yodzuka, mtunda wa lero, tsiku lopuma, mpikisano wa mwezi wamawa. Pali anzako amene amakugogodera pa chitseko kusanache. Thupi limazolowera kutopa kwabwino kumene kumakugonetsa tulo usiku. Ndipo pali wotchi imene imakuuza tsiku lililonse kuti ndiwe ndani: lero ndiwe wa masekondi 68, sabata yamawa ukhoza kukhala wa 67. Zonsezi zimatha tsiku limodzi. Anzako amabalalika, kochi amayang'ana ana atsopano, ndipo 5 koloko ya m'mawa imakupeza uli maso chifukwa thupi silinauzidwe kuti zatha.

"Mwendo unapola m'miyezi ingapo," anatero. "Chimene sichinapole ndi m'mawa. Ndinkadzuka, osadziwa kopita."

Anatinso chimene chimamupanga munthu kukhala wothamanga mitunda italiitali n'chomwecho chimene chimamuika pangozi. Umaphunzitsidwa kubisa ululu. Pa mpikisano sumaonetsa mnzako kuti watopa, chifukwa akaona nkhope yako yakwinyika amawonjezera liwiro. Zaka zambiri ukuyeserera kusadandaula, ndiye mavuto enieni akabwera umachitanso chimodzimodzi. Sunena kwa munthu. Umangoluma mano n'kumapita, mpaka kugwa.

Apa ndi pamene ndinamvetsa chifukwa chimene ankandiuzira za Rono kuyambira ndili mwana. Ine ndinkaganiza kuti akundiuza za masekondi.

Gawo limene ndinkalidumpha

Nditabwerera kunyumba ndinawerenganso mbiri ya Rono, makamaka gawo limene kale ndinkangoliyang'ana mothamanga.

Pa nthawi yake, malamulo a masewero othamanga sankalola kuti wothamanga alandire malipiro poyera. Ndalama zinkayenda mobisa, popanda mgwirizano wolembedwa, ndipo mnyamata wochokera kumudzi, wokhala kutali ndi kwawo, analibe womuteteza kapena womulangiza. Mabwalo a ku Ulaya ankadzaza chifukwa cha dzina lake. Mowa unali utayamba kale kumugwira pamene anthu ankamuombera m'manja. Pa 13 September 1981, m'katauni ka Knarvik ku Norway, anaphwanyanso rekodi yake ya mamita 5,000, ulendo uno mu 13:06.20, ndipo iye mwini anadzafotokoza pambuyo pake kuti usiku wa dzulo lake anali atamwa kwambiri. Anthu ambiri amaikamba nkhaniyi mosirira, ngati umboni wa mphamvu zake zodabwitsa. Ine tsopano ndikaiwerenga ndimamva chisoni, chifukwa munthu amene akudwala koma akupambanabe palibe amene amamufunsa ngati ali bwino.

Kenako anazimiririka. Ndalama zinatha, thupi linanenepa, ndipo panali nthawi imene ankagona m'nyumba zosungira anthu osowa pokhala ku America. Koma marekodi ake ena anakhala chiimire kwa zaka zambiri. Ya mamita 10,000 inakhala mpaka 1984. Ya mamita 3,000 ndi ya steeplechase zinakhala zaka 11, mpaka 1989, ndipo Peter Koech amene anaphwanya ya steeplechase anangoichepetsa ndi kachigawo kakang'ono ka sekondi, 8:05.35.

Nkhani zambiri zimathera apa, kapena pa chithunzi cha Rono akunyamula zikwama za apaulendo pa bwalo la ndege ku Albuquerque, ku New Mexico. Zimalembedwa ngati ndiye pansi penipeni pamene munthu angafike. Kale inenso ndinkaziona choncho. Koma nditaona kope la malume, ndinaona china pa ntchito yonyamula zikwamayo: munthu amene akudzuka m'mawa, ali ndi kopita. Ku Albuquerque komweko ndi kumene anasiya mowa, anayamba kuphunzitsa ana m'masukulu, ndi kukhala kochi wa achinyamata othamanga. Atadutsa zaka 50 anavalanso nsapato n'kuyamba kuthamanga kuti achepetse thupi ndi kupikisana ndi anzake a msinkhu wake. Mu 2019 anabwerera kwawo ku Kenya atakhala kunja zaka zambiri. Anamwalira patangopita masiku atatu atakwanitsa zaka 72.

Kuchokera ku Oslo mu 1978 kufika ku Nairobi mu 2024 ndi zaka pafupifupi 46. Ine zaka zonsezi ndinaziphatikiza m'chiganizo chimodzi, "mowa unamumaliza," ndipo ndinachilankhula pamaso pa munthu amene ndinkamuchitira zomwezo.

Zimene ndinauza amayi

Patapita masiku angapo ndinawauza amayi za kopelo, nditapempha kaye chilolezo kwa eni ake. Anandimvetsera mpaka kumapeto osandidula. Kenako anafunsa funso limodzi lokha: "Kuyambira liti?" Nditawauza chaka chimene mpata womaliza unatha, anawerenga pa zala, n'kuphimba pakamwa ndi dzanja. Zaka zonsezo tinkabisa mabotolo malume akabwera pa zochitika za pabanja, tinkanong'onezana akatuluka panja, tinkawanunkhiza mobisa powapatsa moni. Iwo ankaziona zonsezi, n'kumapita kunyumba kukachonga.

Sindikufuna kuwayeretsa malume kuposa mmene alili. Anapweteka anthu. Ana awo anakula opanda bambo pakhomo, ndipo mmodzi mpaka lero salankhula nawo. Kope silibweza zaka zimenezo, ndipo iwo eni sananenepo kuti limabweza. Koma ife amene sanatilakwire kwenikweni tinalibe chifukwa chowasiyira okha pa mtunda wautali chonchi. Tinkasunga mendulo zawo m'nkhani zathu, munthuyo tikumuyang'ana ngati wotha kale.

5 koloko

Ndinawafunsa ngati amadzukabe kusanache. Anati thupi silinaiwale. Ndinapempha kuti ndizibwera Loweruka lililonse, tiziyenda limodzi.

Loweruka loyamba tinangoyenda, mwakachetechete. Loweruka lachitatu anabwera ndi wotchi yakale ya pamkono n'kundiuza kuti ndithamange pang'ono kuti aone mmene ndimapondera. Ndinanyamuka ndi mphamvu zonse, ndipo ndisanafike patali chifuwa chinali chikuyaka. Nditabwerera ndikupuma mwawefuwefu, anapukusa mutu.

"Wayamba ngati ukuthawa galu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, mphwanga. Manja tsitsa, mapewa masula. Yamba pa liwiro limene ungathe kulankhula."

Tsopano timathamanga limodzi pang'onopang'ono, mphindi 20, nthawi zina 30 chidendene chikawalola. Amatsalira m'mbuyo pa chitunda, koma kapondedwe kawo n'kosiyana ndi ka munthu wina aliyense amene timakumana naye pa msewu. Phazi limangokhudza pansi n'kunyamuka, mutu osagwedezeka. Tsiku loyamba kuwaona akutero ndinaima n'kumangowayang'ana, chifukwa ndinali ndikuona ndi maso anga chinthu chimene amayi ankachikamba asanause moyo.

Mwezi watha ndinawagulira kope latsopano, popeza mapepala omata aja anali atatsala pang'ono kudzaza. Analilandira ndi manja awiri, n'kulitembenuza uku ndi uku. Loweruka lotsatira anandionetsa tsamba loyamba. Madeti ndi zochonga zinalipo monga mwa nthawi zonse, kutsika mzere ndi mzere. Koma pa deti la Loweruka, pambali pa chochonga, panali mawu ena m'zilembo zazing'ono zija za mnyamata wa ku koleji: "Mphindi 25, ndi mphwanga. Miyendo yopepuka."